Amayi anga anasiya Mvano chifukwa mkodzo umawatayika: kodi ndi ukalamba basi?

Funso: Amayi anga ali ndi zaka 56, amakhala kumudzi ku Ntcheu ndipo anatibereka ana 8. Nditapita kukawaona ndinapeza kuti anasiya kupita ku Mvano, kumaliro sagonako, ndipo akakhala ndi ulendo wa pa minibasi samwa madzi tsiku lonse. Kuseri kwa bafa ndinaona nsanza zambiri zoyanika. Alamu anga ndiwo anandinong'oneza kuti mkodzo umawatayika. Ena akuti ndi fistula, ena akuti ndi ukalamba, palibe chochita. Ndiwathandize bwanji? Ine mwana wawo wamkazi, ku Lilongwe.

Yankho: Achemwali, mwachita bwino kufunsa, ndipo mwachita bwino kwambiri kuti maso anu anaona nsanza zija. Ambiri amabwera kumudzi, kudya nsima, kusiya shuga ndi sopo, n'kubwerera osadziwa kuti mayi awo akhala zaka akudzipatula. Akuluakulu amati wobisa matenda maliro adzamuulula, koma vuto ili silipha munthu, ndiye palibe chimene chimaliulula. Mayi amangochepa pang'onopang'ono pakati pa anzake. Lero wasiya kwaya, mawa wasiya banki m'khonde, mkuja ayamba kukhala kumbuyo kwenikweni m'tchalitchi pafupi ndi khomo, ndipo anthu amangoti wayamba kunyada kapena wagwa mphwayi.

Ndiyambe ndi mawu aja akuti ndi ukalamba. Inde, vutoli limachuluka munthu akamakula, makamaka akasiya kusamba. Koma zaka 56 si zaka zoti munthu asiye kukhala ndi anzake, ndipo ngakhale agogo a zaka 80 timawathandiza. Kutayika mkodzo ndi chizindikiro cha chinachake chimene chili ndi dzina, ndipo zinthu zake ndi zingapo zosiyana, chilichonse ndi chithandizo chake. N'chifukwa chake mayi akakhala pampando patsogolo panga, ndisanamugwire n'komwe, funso langa loyamba limakhala ili: mkodzowo umatuluka nthawi yanji?

Amayi ambiri amayankha kuti umatuluka akatsokomola, akayetsemula, akaseka kwambiri, akamasinja pamtondo, akamapopa mjigo, kapena pamene akudzitwika ndowa. Akagona usiku mphasa imacha youma. Apa vuto lili pa minofu ya pansi pa chiuno. Chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo zimakhala pamwamba pa minofu yoyalidwa kuchokera pa fupa la pachinena kukafika ku fupa la kumapeto kwa msana, ndipo minofu yomweyo ndiyo imathandiza kutseka njira ya mkodzo. Mimba iliyonse imailemetsa miyezi 9, ndipo kubereka kulikonse kumaitanula. Tsopano taganizirani amayi anu: mimba 8, mwina zina motsatizana mwana asanathe zaka 2, ndipo patangopita masabata ochepa chibadwire mwana, anali atabwerera kale kumjigo ndi kumunda. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo poitukula kuchoka pansi kufika pamutu mphamvu yonse ya m'mimba imakankhira pansi. Onjezerani mtolo wa nkhuni, thumba la chimanga la kuchigayo, makheni a kudimba, mwana kumbuyo. Onjezeraninso chifuwa chosatha cha utsi wa m'khitchini. Ine sindidabwa kuti amayi akumudzi amavutika ndi zimenezi. Chimene chimandiwawa n'chakuti pafupifupi palibe amene anawauzapo kuti minofu imeneyi imalimbitsidwa.

Ena amayankha mosiyana. Amati mkodzo umabwera mwadzidzidzi ndi mphamvu, ngati wina wawadzidzimutsa, ndipo asanafike kuchimbudzi amakhala atanyowa. Amakodza pafupipafupi, usiku amadzuka katatu kapena kanayi, ndipo ena akangomva madzi akuthiridwa m'ndowa kapena akangogwira madzi ozizira m'mawa, basi zavuta. Apa chikhodzodzo chimafinya chisanadzaze. Chikhodzodzo cha munthu wamkulu chimasunga mamililita 400 mpaka 500, kuyandikira botolo la theka la lita, ndipo kukodza ka 4 mpaka ka 8 masana ndi kamodzi usiku n'kwabwinobwino. Koma chikhodzodzo chikanyanyuka chimafuna kutaya ngakhale muli pang'ono. Zochinyanyula ndi zambiri ndipo zina zimachizika msanga: matenda a m'njira ya mkodzo, shuga, kudzimbidwa, tiyi wambiri, ndiponso likodzo kwa amene amachapa, kusamba kapena kulima mpunga m'madzi a m'mbali mwa nyanja, ku Chilwa ndi m'chigwa cha Shire. Amayi ambiri a msinkhu wa amayi anu amakhala ndi mitundu iwiri yonseyi pamodzi.

Palinso amene chikhodzodzo chawo sichitha kutaya mkodzo wonse, ndiye chimadzaza n'kumasefukira pang'onopang'ono. Izi zimachitika chiberekero kapena chikhodzodzo chikatsika n'kupinda njira ya mkodzo, kapena mitsempha ikaonongeka ndi shuga wa nthawi yaitali. Mayi wotere amanena kuti amamva ngati wakhalira dzira, kapena kuti madzulo akaweruka kumunda pamatuluka chinthu kumusi chimene amachibweza ndi chala. Ambiri amachita mantha kuti ndi khansa kapena kuti alodzedwa, pamene ndi chiberekero chotsika, chimene chimathandizika.

Tsopano za fistula, popeza ndi zimene abale anu akutchula. Fistula ndi bowo pakati pa chikhodzodzo ndi njira yoberekera. Kawirikawiri limabwera mayi akavutika pobereka masiku awiri kapena atatu mwana osatuluka. Mutu wa mwana umapanikiza mnofu pa fupa mpaka mnofuwo kufa, ndipo pakapita masiku ochepa pamabooka. Nthawi zambiri mwanayo amabadwa atamwalira. Bowo lotere limathanso kubwera pambuyo pa opaleshoni yotulutsa mwana kapena yochotsa chiberekero, kapenanso khansa ya khomo la chiberekero ikafika patali. Chizindikiro chake sichisokonekera: mkodzo umadontha usana ndi usiku osalekeza, munthu ataima, atakhala kapena atagona, ndipo ambiri samvanso n'komwe kuti akufuna kukodza. Choncho funsani kuti vutoli linayamba liti. Ngati linayamba patangopita masiku ochepa chibadwire mwana wina, kapena atangochitidwa opaleshoni, ndipo mphasa imanyowa usiku uliwonse, fistula ndi yoyenera kuiganizira ngakhale papita zaka 20. Ngati linayamba pang'onopang'ono zaka zaposachedwa ndipo pali nthawi imene amakhala ouma, ndiye kuti mwina si fistula. Kuchipatala timatsimikiza mosavuta: timathira madzi a mtundu wa buluu m'chikhodzodzo kudzera pa kapaipi n'kuona ngati akutulukira kwina.

Ikapezeka kuti ndi fistula, musataye mtima. Ku Lilongwe komwe muliko, pa chipatala cha Bwaila, pali malo ochizira fistula amene amathandizidwa ndi bungwe la Freedom From Fistula Foundation, ndipo chithandizo chake ndi chaulere. Zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre zimalandiranso amayi otere. Ambiri amachira ndi opaleshoni, ngakhale alipo ena amene bowo limatsekeka koma kudontha kumatsalako ndipo amafunika chithandizo china. Chaka chilichonse pa 23 May dziko lonse lapansi limakumbukira nkhondo yothetsa fistula, ndipo mumamva za matendawa pa wailesi. Zimenezi zathandiza ndithu. Koma zabweretsanso chinthu china chimene ndimachiona: anthu ayamba kuganiza kuti kudontha mkodzo kulikonse ndi fistula, ndiye mayi akauzidwa kuti alibe bowo amabwerera kunyumba ngati palibenso chimene chingachitike. Chonsecho amayi amene alibe fistula koma amatayika mkodzo ndi ochuluka kwambiri kuposa amene ali nayo.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi nkhani ya madzi. Pafupifupi mayi aliyense wa vutoli amadzipezera yekha nzeru yosiya kumwa madzi, ndipo nzeruyo imaoneka yoona: madzi ochepa, mkodzo wochepa. Koma mkodzo wa munthu wosamwa madzi umakhala wofiirira, wonunkha kwambiri ndi woyabwa. Umanyanyula chikhodzodzo, ndiye munthu amafuna kukodza pafupipafupi kuposa kale. Umaotcha khungu la m'ntchafu. Matenda a m'njira ya mkodzo amabwera mosavuta, chimbudzi chimauma, ndipo kudzikakamiza kuchimbudzi kumafooketsanso minofu yomwe ija. Fungo limene mayi akulithawa ndi limene akuliwonjezera. Ndaonapo amayi akufika mwezi wa October milomo itauma gwa, mutu ukuwawa, atayenda mtunda wautali osalawa dontho kuopa kunyowetsa benchi la kuchipatala. Amayi anu azimwa makapu 6 mpaka 8 patsiku, pang'onopang'ono, ochuluka m'mawa ndi masana, n'kuchepetsa kukatsala maola 2 kuti agone. Mkodzo ukamaoneka woyererako ndiye kuti zili bwino. Tiyi amuchepetse, kapu imodzi yosakolera kwambiri m'mawa, ndipo Coca-Cola, khofi ndi mowa azipewe, chifukwa zonsezi zimafulumizitsa chikhodzodzo.

Chithandizo chachikulu cha mtundu woyamba uja, wa mkodzo wotuluka potsokomola kapena potukula katundu, sichigulidwa m'sitolo. Ndi kulimbitsa minofu ya pansi pa chiuno, njira imene dokotala wa ku America, Arnold Kegel, anailemba mu 1948, ndipo mpaka lero ndi imene timayambira tisanaganize za opaleshoni. Ndifotokoza bwinobwino chifukwa ambiri amailakwitsa.

Mayi agone chagada pamphasa, mawondo atapinda. Ayerekeze kuti ali pagulu ndipo akudziletsa kutulutsa mpweya woipa, komanso nthawi yomweyo akudziletsa kukodza. Amve kumusi kukufinyika ndi kukokeka kulowa m'kati, kukwera m'mwamba. Agwire choncho akuwerenga mpaka 5, kenaka amasule kwathunthu n'kupumula nthawi yofanana. Achite ka 8, ndipo abwereze katatu patsiku. Mphamvu zikamabwera aziwerenga mpaka 10, ndipo aziwonjezera kufinya kofulumira, kugwira n'kusiya, kangapo. Asagwire mpweya, asapanikize ntchafu, asalimbitse matako, ndipo koposa zonse asakankhire pansi ngati akubereka, chifukwa kumeneko n'kuononga. Ngati akukayika, atasamba m'manja angathe kulowetsa chala kumusi n'kumva ngati chikufinyidwa, kapena namwino angawaone n'kuwatsimikizira. Ena amaphunzitsidwa kumadukiza mkodzo pokodza. Kuyesa kamodzi kuti udziwe minofu yake n'kololeka, koma chisakhale chizolowezi.

Akazolowera atagona, azichita atakhala, kenaka ataima. Vuto si kuuma kwa ntchitoyi koma kuiwala, ndiye ndimawauza amayi kuti aimangirire ku zinthu zimene amachita kale: m'mawa asanadzuke pamphasa, masana podikira madzi a nsima kuti awire, madzulo akagona. Palibe amene angaone kuti akuchita kanthu, ngakhale ali pamsonkhano wa kwa amfumu. Ndipo muwauze chilungamo: kusintha sikuoneka sabata imodzi. Pamafunika miyezi 3 yosadumphitsa, ndipo akasiya minofu imafookanso. Ambiri amene amati zinakanika amakhala anayesa masiku 10.

Pali kanzeru kena kamene kamathandiza tsiku lomwelo: kufinya kumusi asanatsokomole, asanayetsemule ndi asanatukule ndowa. Afinye kaye, kenaka atukule. Za katunduyo, sindingakuuzeni kuti amayi anu asiye kutunga madzi, chifukwa ndikudziwa kuti kumudzi mawu otere ndi opanda pake. Koma angathe kutunga ndowa yosadzaza maulendo awiri, kupempha wina awatwike ndi kuwatula, ndipo adzukulu atenge mtondo ndi nkhuni. Ngati inu a m'tauni mukufuna chogula, wilibala kapena ndalama ya ganyu yotungitsa madzi ingathandize kuposa mankhwala ambiri a m'mabotolo amene amagulitsidwa pamsika.

Kwa mtundu wachiwiri, wa mkodzo wobwera mwadzidzidzi, timaphunzitsa chikhodzodzo kudikira. Mayi akamva kuti wabwera asathamange, chifukwa kuthamanga kumagwedeza chikhodzodzo n'kutayitsa. Aime kapena akhale pansi, afinye kumusi kangapo mofulumira, apume bwino mpaka mphamvu ija itsike, ndiyeno ayende modekha. Ngati amakodza ola lililonse, aziwonjezera mphindi 15 sabata iliyonse mpaka afike maola 3. Izi zimatenga masabata 8 kapena kuposa. Aleke chizolowezi chokodzeratu nthawi zonse asanamve, chifukwa chimazoloweretsa chikhodzodzo kusunga pang'ono. Usiku pakhale kachidebe kovundikira pafupi ndi pogona. Chimbudzi chakumudzi chili patali, kunja kuli mdima, ndipo amayi achikulire ambiri amagwa kapena kuponda njoka pothamangira kumeneko.

Koma zonsezi zisalowe m'malo mwa kupita kuchipatala. Ayambe pa chipatala chaching'ono cha kwanuko kapena chachikulu cha m'boma, akayezetse mkodzo, shuga ndi BP, ndipo awaone ngati chiberekero chatsika. Atenge buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse amene amamwa. Izi ndikunena chifukwa amayi ambiri a msinkhu umenewu amamwa hydrochlorothiazide wa BP, ena furosemide, ndipo mankhwala amenewa amakodzetsa. Asawasiye okha, adokotala angasinthe nthawi yomwera kapena mtundu wake. Ngati ali ndi chifuwa cha masabata opitirira 2 ayezetse makhololo. Likodzo limachizika ndi praziquantel. Kwa amene anasiya kusamba ndipo kumusi kumauma ndi kuyabwa, pali mankhwala opaka a estrogen amene amathandiza. Chiberekero chotsika chimatha kuchirikizidwa ndi kamkombero kofewa kamene amakalowetsa kumusi, kapena kukonzedwa ndi opaleshoni. Aliponso mapiritsi okhazika chikhodzodzo pansi monga oxybutynin, koma sapezeka paliponse, amaumitsa m'kamwa ndipo achikulire ena amawasokoneza mutu, ndiye ine sindiyambira pamenepo. Ali komweko ayezetsenso khomo la chiberekero, poti khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri kuno kwathu.

Pali zizindikiro zimene sizidikira miyezi 3. Magazi mu mkodzo, kutaya magazi kumusi munthu atasiya kale kusamba, chikazi chonunkha chosatha, kutentha thupi pamodzi ndi kuwawa kwa m'mbali mwa msana, kukanika kukodza mimba itafufuma, ludzu losatha ndi kuonda, kapena dzanzi la kumusi ndi kufooka miyendo pamodzi ndi msana wowawa. Chimodzi mwa izi chikaoneka, apite msanga.

Mungakumane ndi wachipatala wotopa, wa mzere wautali panja, amene angangoti ndi ukalamba amayi, n'kulemba panado. Zimachitika, ndipo zimandichititsa manyazi. Musabwerere pomwepo. Pemphani kuonana ndi namwino wa amayi kapena dokotala wa matenda a amayi, ndipo nenani vuto mwachindunji. Amayi athu akafika pa dokotala, makamaka wamwamuna wa msinkhu wa mwana wawo, amangoti m'chiuno mukuwawa, n'kulandira mankhwala a m'chiuno. N'chifukwa chake ndi bwino muwaperekeze, kapena mulembe papepala masiku 3 asanapite: akodza kangati masana, kangati usiku, anyowa kangati ndipo amachita chiyani pamene ananyowa. Kapepala kameneko kamatiuza zambiri kuposa makina.

Podikira kuti zonsezi zigwire ntchito, khungu lisamalidwe. Nsanza zikhale za nsalu yofewa ya thonje, zisinthidwe zikangonyowa, zichapidwe ndi sopo, zitsukuluzidwe bwino ndipo ziume padzuwa lenileni. Zoyanika mobisa m'nyumba kapena pamthunzi siziuma, ndipo ndi zimene zimabweretsa fungo ndi zilonda. Kumusi asambe ndi madzi okha, apukute mosakhula, n'kupaka Vaseline m'ntchafu. Ena amakulunga jumbo pamwamba pa nsanza kuti chitenje chisanyowe. Pa ulendo waufupi ndikumvetsa, koma tsiku lonse jumbo amasunga kutentha n'kusupula khungu. Asalowetse zitsamba, nsalu kapena mankhwala oumitsa kumusi. Ngati mungathe, agulireni mapadi ochapa angapo, ndi ena otaya oti azivala pa maulendo, pa maliro ndi tsiku la Mvano. Sindikuona cholakwika kuyamba ndi zimenezi, chifukwa cholinga choyamba n'chakuti mwezi uno avale yunifolomu yawo yoyera ija abwerere pakati pa anzawo, osadikira kuti achire kaye. Kwa owerenga achisilamu amene amayi awo asiya swala poganiza kuti ndi odetsedwa, chipembedzo chili ndi chilolezo cha munthu wa vuto lotere. Afunse kwa ashehe kapena kwa amayi odziwa za chipembedzo.

Chatsala ndi chovuta kuposa zonse: kuyamba nkhaniyo. Mwa chikhalidwe chathu mwana sakamba ndi mayi ake za kumusi, ndipo mukangofika n'kunena kuti alamu andiuza, amayi anu adzakana, kenaka adzakwiyira mpongozi wawo. Alamu anuwo musawatchule. Ngati pali amayi aang'ono, azakhali kapena mnzawo wapamtima amene amanong'onezana naye, yambirani kumeneko, kapena pemphani mlangizi wa zaumoyo wamkazi wa m'dera lanu awachezere ngati akuyendera nyumba zonse. Mukafuna kuyankhula nokha, sankhani nthawi imene muli awiri, manja ali pa ntchito, mukutongola chimanga kapena kusadzula ndiwo, kuti pasakhale kuyang'anana m'maso. Yambirani pa inu mwini kapena pa amayi ena: «Amayi, chibadwire mwana wanga uja, ndikayetsemula ndimamva kunyowa. Anamwino anandiuza kuti zimachitikira amayi ambiri obereka ndipo zili ndi chithandizo. Kodi inu zinayamba zakuchitikiranipo?» Ngati zimenezo sizinakuchitikireni, nenani za zimene mwawerenga pano. Akakhala chete, musawakakamize. Asiyireni sopo, Vaseline ndi mapadi aja m'chikwama chawo, ndipo muwauze tsiku limene mudzabwere kudzawatenga kuti mukayezetse limodzi BP ndi shuga.